Mafuta m'chakudya cha mbuzi za mkaka

Alimi anzanga amene mukuweta mbuzi za mkaka monga za mtundu wa Saanen, ngati mkaka ukutuluka wamadzimadzi, onjezerani pang'ono zakudya za mafuta: keke ya mpendadzuwa (zotsala akafinya mafuta), soya wokazinga ndi kusinja, kapena nthangala za thonje. Mbuzi zimasiyana ndi ng'ombe pamenepa, chifukwa kwa mbuzi zakudya zotere nthawi zambiri zimachulukitsa mafuta a mu mkaka, ndipo mkakawo umakhuthala bwino, makamaka mbuzi ikangobereka kumene pomwe thupi likufuna mphamvu zambiri.

Koma musapyole muyeso. Mafuta onse asapitirire magawo 6 pa 100 a chakudya chonse chimene mbuzi imadya patsiku, osawerengera madzi a m'chakudyacho. Akachuluka amafooketsa tizilombo ta m'chifu timene timagaya udzu, mbuzi imayamba kunyanyala chakudya, mkaka n'kutsika. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi zothira mafuta ophikira m'madeya, n'kuwononga ndalama chabe. Yambani ndi kadzanja kamodzi ka keke, soya kapena nthangala zija, muzionjezera pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo udzu ndi masamba a lukina zisasowe m'khola.

Nthangala za thonje musapatse ana a mbuzi, zili ndi poizoni amene chifu chawo chanthete sichingathane naye.

Chenjeraninso ndi mtedza kapena keke yochita chuku. Poizoni wake amadutsa mpaka mu mkaka umene ana athu amamwa. Madeya ndi keke zikayamba kununkha chivundi, tayani.