Tsiku la mvula ku Glasgow: kokaona zinthu ndi kokadya kwa wophunzira wa ku Dedza kapena Ntcheu

Kwathu kuno mvula ikayamba mumathawira pakhonde la golosale pa Lizulu, pakapita ola limodzi dzuwa lawala. Ya ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland, siitero. Imafanana ndi mawawa aja a mu June pa Dedza boma, nkhungu itakuta phiri lonse, kungoti kumeneko imagwa mwezi uliwonse ndipo imabwera ndi mphepo. Mukati mudikire ikate, mudzamaliza maphunziro musanauone mzindawo.

Yambani ndi zovala. Ambulera yotchipa isiyeni, mphepo imaitembenuza tsiku lomwelo. Pezani jekete losalowa madzi lokhala ndi chipewa chake. M'mashopu a kaunjika a mabungwe othandiza anthu, monga omwe ali pa Byres Road pafupi ndi yunivesite, amapezeka pamtengo wabwino. Mkati valani zopyapyala ziwiri m'malo mwa juzi imodzi yokhuthala, chifukwa m'nyumba zakumeneko mumafunda. Mukatuluka thukuta mkatimo n'kupita panja, chisanu chimakulowani m'mafupa. Jinzi ikanyowa siuma msanga. Masokosi ena ikani mujumbo m'chikwama.

Nyamukani m'mawa. Mu December kumada 4 koloko isanakwane.

Yendani pa Subway, sitima yapansi panthaka yomwe inayamba mu 1896. Ili ndi masiteshoni 15 okha ndipo imangozungulira, choncho mukalakwitsa mbali mukafikabe, mungotaya mphindi zingapo. Chomwe chimagwira ambiri n'choti Lamlungu imayamba cha m'ma 10 koloko n'kuweruka cha m'ma 6 madzulo.

Tsikirani pa Kelvinhall, muyende mphindi zosapitirira 10 kukafika ku Kelvingrove Art Gallery and Museum. Kulowa n'kwaulere. Amatsekula 10 koloko mpaka 5, koma Lachisanu ndi Lamlungu amatsekula 11, ndiye musakaime pakhomo mukunyowa. Muli zipinda 22 zoonetsera zinthu, ndipo wofuna kuona zonse tsiku limodzi amatuluka miyendo ikuwawa, osakumbuka kanthu. Sankhani zitatu kapena zinayi. Muli njovu ya ku Asia yotchedwa Sir Roger (onani makutu ake, ndi aang'ono poyerekeza ndi za ku Liwonde), ndege yankhondo ya Spitfire italendewera kudenga, ndi zithunzi zopenta zambiri m'chipinda cham'mwamba. Limba lalikulu la m'holo amaliimba 1 koloko masana, Lamlungu 3 koloko. Fikani kukadali nthawi mupeze mpando.

Ngati mphamvu zikadalipo, siteshoni yotsatira ndi Partick. Kuchokera pamenepo mumayenda pansi kupita ku Riverside Museum, yaulerenso, komwe kuli magalimoto, njinga ndi sitima zakale. Kumeneko n'kumtsinje wa Clyde, mphepo yake si yamasewera, mangani chipewa.

Ku Blantyre wa ku Scotland, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813, kupatseni tsiku lakelake. Sitima yochokera ku Glasgow Central imatenga mphindi pafupifupi 20. Mumakaona chipinda chimodzi chomwe banja lonse linkagonamo, pafupi ndi pomwe panali fakitale ya thonje yomwe anayamba kugwirako ntchito ali ndi zaka 10. Kumeneko amalipiritsa, ndipo onani masiku otsekulira pa intaneti musanagule tikiti.

Tsopano zapakamwa, pomwe ndalama za ophunzira zimathera. Idyani chakudya chachikulu masana, chifukwa malesitilanti ambiri amakhala ndi mtengo wotsika wa nkhomaliro kusiyana ndi madzulo. Tsiku la mvula limafuna chotentha. Supu wa mphodza ndi buledi ndi wotchipa ndipo amakhala m'mimba. Cullen skink ndi supu wa nsomba yowamba, kachewere, anyezi ndi mkaka. Munthu wa ku Tsangano sangadandaule naye. Palinso kachewere wamkulu wootcha yemwe amamung'amba pakati n'kuikamo nyemba kapena tchizi. Haggis musamuope: ndi chiwindi, mtima ndi mapapu a nkhosa zogaya pamodzi ndi oats ndi anyezi, zamkati zomwezi timadya pachiwaya. Tchipisi chakumeneko n'chonenepa, chofewa, amathira mchere ndi viniga, kabichi ndi tsabola musayembekezere. Mukachinyamula papepala mumvula chimalobodoka musanafike pakona, ndiye khalani pansi mudyere pomwepo.

Mukalowa mu pub, malo omwera mowa omwe amagulitsanso zakudya, musakhale phee kudikira woperekera zakudya, mudzagona ndi njala. Onani nambala ya tebulo lanu, pitani pakauntala, itanitsani, lipirani. Madzi a pampopi ndi aulere pamalo ogulitsa mowa, koma nenani kuti mukufuna tap water, apo ayi akubweretserani a m'botolo olipira. Bilu ikabwera muone ngati aikapo kale service charge, ndalama ya operekera zakudya, musanaonjezere yothokoza. Malo ena salandira ndalama zamapepala, ndipo khadi ya banki yakwathu imadula ndalama ina pa kugula kulikonse, choncho gwiritsani ntchito yakumeneko. Thumba likaphwa, m'masupamaketi muli meal deal: sangweji, chakumwa ndi kakudya kena pamtengo umodzi. Vuto lake n'chozizira, ndipo m'zipinda zoonetsera zinthu salola kudyeramo.

Mukafika kunyumba, nsapato zonyowa musazisanjike pa chotenthetsera chipinda, guluu amamatuka ndipo chikopa chimang'aluka. Chotsani zam'kati, fwinyani manyuzipepala mulowetsemo, musinthe pakapita maola awiri kapena atatu. Zovala zikamauma m'chipinda tsekulani windo pang'ono, apo ayi khoma limachita nkhungu yakuda ndipo eni nyumba angadule pa dipoziti yanu.