Momwe mungapezere chiphaso cha REAL ID ngati mukukhala ku America

Ku America kulibe chiphaso cha unzika chonga chija a NRB adatilembera mu 2017. Anthu ambiri kuno safuna kuti boma la ku Washington lisunge kaundula wa munthu aliyense. Lamulo la REAL ID litakhazikitsidwa mu 2005, potsatira ziwembu za pa 11 September 2001, ma state angapo adalikana, Maine ili patsogolo mu 2007. Mpaka pano khadi limachokerabe ku state yanu: ndi laisensi ya galimoto yomwe ija, kapena chiphaso cha osayendetsa, kungoti chili ndi nyenyezi pamwamba. Kuyambira pa 7 May 2025, laisensi wamba yopanda nyenyezi siikwana pokwera ndege zam'dziko momwemo, ngakhale pasipoti imagwirabe ntchito.

Yambani ndi kusungitsa tsiku pa webusaiti ya DMV (ofesi yopereka malaisensi a galimoto) ya state yanu. Izi ndi zaulere. Pali akathyali amene amatsegula masamba ofanana ndi a boma n'kumalipiritsa, ena amatumiza uthenga pafoni wopempha nambala ya Social Security (nambala imene boma limakupatsani pa nkhani za ntchito ndi msonkho). Ufufuteni, musayankhe.

Mutenge pasipoti, green card kapena viza ndi I-94 (chikalata chosonyeza kulowa kwanu m'dzikomo), umboni wa nambala ya Social Security, ndi makalata awiri osonyeza komwe mukukhala, monga bilu ya magetsi ndi kalata ya ku banki. Mutenge zenizeni, osati fotokope.

Tsopano nkhani ya maina, yomwe idandibweza ine. Pasipoti yanga ili ndi maina atatu, koma pa khadi la Social Security dzina lapakati ndi la bambo adaziphatikiza kukhala limodzi. Kompyuta ikaona kusiyana kotere imakana, ndipo wogwira ntchito pakauntala sangakuchitireni chilichonse ngakhale mutachonderera bwanji. Yalani mapepala onse patebulo kunyumba, muwerenge dzina lililonse chilembo ndi chilembo. Mukapeza vuto, kakonzetseni kaye ku ofesi ya Social Security ndi fomu ya SS-5, salipiritsa, kenako mudikire masiku angapo kuti dzina lisinthe m'makina. Amayi amene mudasintha dzina mutakwatiwa, setifiketi ya ukwati isatsale.

Zotsalazo n'zachidule. Akujambulani, mulipira (mtengo umasiyana state ndi state), ndipo m'madera ambiri khadi limabwera pa positi. Pepala longoyembekezera limene amakupatsani podikira khadilo, a TSA (achitetezo a pabwalo la ndege) salilandira. Amene muli pa viza, khadi lanu lidzatha limodzi ndi chilolezo chanu chokhalira m'dzikomo.