Kumangira Power Mac G4 dongosolo la NetBSD

Kompyuta ya Power Mac G4, imene Apple inayamba kugulitsa mu 1999, imayendera purosesa ya PowerPC, ndipo NetBSD, dongosolo loyendetsa kompyuta, imagwirabe ntchito pa makina amenewa. Musamangire NetBSD pa makina akalewo, chifukwa mudzadikira mpaka kutopa. Gwiritsani ntchito kompyuta yamakono, ngakhale ya Linux, pakuti build.sh, pulogalamu yomangira NetBSD, imayamba yadzipangira yokha zida zomangira.

Mukatsitsa source code ya NetBSD 10, lowani mu foda ya src ndipo mulembe ./build.sh -U -O ../obj -m macppc -j 4 tools. Chizindikiro cha -U chimakulolani kumanga popanda mphamvu za root (woyang'anira kompyuta), -O chimatchula foda yosungira zimene zamangidwa, -m chimatchula mtundu wa makina (macppc ndi Mac za PowerPC), pamene -j 4 imagawa ntchito panayi. Zida zikatha, bwerezani lamulo lomwelo, koma m'malo mwa tools mulembe release kuti mumange dongosolo lonse, kenako iso-image kuti mupange fayilo yojambula pa CD. Samalani kuti foda ya -O isasinthe, apo ayi zida zimene mwapanga kale sizidzapezeka.

Mukajambula CD, yatsani G4 mutadina Command, Option, O ndi F kuti mulowe mu Open Firmware, pulogalamu yoyatsira makinawa, kumene mudzaitanira fayilo ya ofwboot.xcf yoyambitsa NetBSD.