Momwe mungazindikirire kansomba kaphanthiphanthi ka pansi pa nyanja yamchere

Nsomba zaphanthiphanthi, zomwe asayansi amaziika m'gulu la Pleuronectiformes, zimaswedwa ndi diso mbali iliyonse ngati nsomba zina zonse. Zikamakula, diso limodzi limasendera kudutsa pamwamba pa mutu mpaka onse awiri akhale mbali imodzi, kenako nsombayo imagona pansi chammbali. Tinsomba tating'ono ta m'madzi akuya a kumadera otentha timafanana kwambiri, ndipo khoka likamatifikitsa pamwamba timakhala titasupuka mamba. Musadalire mawanga.

Yambani ndi maso. Goneketsani nsombayo maso ali m'mwamba, mimba italoza kwa inu. Mutu ukaloza kumanzere, ndiye kuti maso ali kumanzere. Ambiri amalakwa pomwepa, chifukwa chipsepse chakumsana ndi chakumimba zimaoneka zofanana. Chakumsana chimayambira pamutu penipeni pafupi ndi maso, pomwe chakumimba chimayambira kumbuyo pang'ono, pambuyo pa kabowo kotulukira ndowe.

Maso akakhala kumanzere, onani mchira. Ngati zipsepse ziwirizo zalumikizana ndi mchira n'kusongoka ngati lilime, ndipo palibe zipsepse za pachifuwa, ndi ya banja la Cynoglossidae. Ikasowanso mzere wodutsa m'mbali mwa thupi, ndi ya mtundu wa Symphurus wa m'banja lomweli. Mchira ukaima pawokha, ganizirani za banja la Bothidae. Pa nsomba za banjali, tsinde la chipsepse cha kunsi kwa khosi limakhala lalitali kumbali ya maso kuposa kumbali inayo. Chenjerani ndi mtundu wa Engyprosopon wa m'banjali: maso a yaimuna amatalikirana kwambiri kuposa a yaikazi, moti mutha kuyesa ndi mitundu iwiri.

Maso akakhala kumanja, khudzani fupa la patsaya. Likabisika ndi khungu, ndi ya banja la Soleidae. Likaonekera m'mphepete, tembenuzani nsombayo. Ya banja la Samaridae ilibe chipsepse cha pachifuwa kumbali yopanda maso, pomwe ya mtundu wa Poecilopsetta ili nacho. Nthawi zina pamapezeka nsomba yomwe maso ake anasendera mbali yosayenera, choncho chizindikiro chimodzi sichokwanira.

Dzina lenileni la mtundu limatuluka powerenga timafupa ta m'zipsepse. Yezani kutalika mu mamilimita kuchokera kunsonga ya kamwa kufika patsinde la mchira, osati kunsonga kwake, popeza mchira umathothoka m'khoka. Tambasulani zipsepse, muunikire kunsi kwake, muwerenge timafupa take ndi galasi lokuzira zinthu ndi singano. Werengani kawiri. Toyamba ta pamutu ndi tatifupi ndipo timaphonyeka msanga.

Jambulani mbali zonse ziwiri nsomba ikadali yaiwisi, rula ili pambali. Dulani kachidutswa ka chipsepse mukaike mu ethanol (sipiriti) wa 95 peresenti musanaviike nsombayo mu formalin (mankhwala oumitsa thupi kuti lisaole) wa 10 peresenti, chifukwa formalin amawononga DNA, tinthu ta m'thupi tosunga chibadwa cha nsombayo. Ikalimba, itsukeni ndi madzi n'kuisunga mu ethanol wa 70 peresenti. Kapepala kolembapo malo, tsiku ndi kuya kwa madzi kalowe m'botolo momwemo, ndipo kalembedwe ndi pensulo, chifukwa inki wamba imasungunuka.