Mawu a cybersecurity aphunzireni awiriawiri pokonzekera Security+

Mayeso a chitetezo cha makompyuta otchedwa CompTIA Security+, a mtundu wa SY0-701 omwe anayamba mu Novembala 2023, amakhala ndi mafunso osaposa 90 m'mphindi 90, ndipo kuti mukhoze pamafunika 750 pa sikelo yoyambira 100 kufika 900. Ndiye kuti funso lililonse muli nalo pafupifupi mphindi imodzi basi. Mafunso ambiri sakuuzani kuti tanthauzirani mawu akuti. Amakupatsani kankhani kakuti kampani ina yaona zakutizakuti, kenako mayankho anayi, onse omveka ngati olondola. Amene analoweza mawu pamtima limodzilimodzi amangoti kakasi pamenepo. Njira yomwe ine ndimaikhulupirira ndi iyi: tengani mawu awiri kapena atatu omwe amasokonezana, muwamangirire pa chinthu chomwe chinachitikadi, kenako mukachione ndi maso pa kompyuta yanu.

Yambani ndi WannaCry, chifukwa nkhani imodzi yokhayi yanyamula mawu ambiri a m'mayeso. Pa 12 Meyi 2017 pulogalamu yoipayi inafalikira m'mayiko ambiri, n'kutseka mafayilo a anthu ndi kufuna ndalama zokwana madola 300 za Bitcoin kuti iwatsegule. Zipatala za boma za NHS ku England zinakhudzidwa mpaka kubweza odwala. Tsopano ikani mawu m'malo mwake. Chofooka chomwe chinali mu SMBv1, njira yomwe makompyuta a Windows amagawirana mafayilo, ndiye vulnerability. Chida chomwe chinadzera pa chofookacho, dzina lake EternalBlue, ndiye exploit. Anthu omwe anatumiza pulogalamuyo ndiwo threat actor. Risk ndi kuphatikiza zinthu ziwiri: mpata woti zichitike, ndi kukula kwa zomwe mungataye zikachitika. Kompyuta yokhala ndi chofookacho koma yosalumikizidwa ku netiweki iliyonse ili ndi vulnerability yomweyomweyo, koma risk yake ndi yochepa kwambiri. Chiganizo chimenechi chiwerengeni kawiri.

Pali msampha wina m'nkhani yomweyi. Ambiri amafulumira kunena kuti WannaCry inali zero-day. Ayi. Microsoft inali itatulutsa kale patch yake, kutanthauza chigamba chotsekera chofookacho, yotchedwa MS17-010, mu Malichi 2017, miyezi iwiri chiwembucho chisanachitike. Zero-day ndi chofooka chomwe chikugwiritsidwa ntchito mwini pulogalamu asanatulutse mankhwala ake. Apa mankhwala analipo, anthu ndi omwe sanawaike. Ndipo WannaCry inali ransomware poona zomwe inkachita, koma worm poona mayendedwe ake: inkadumpha yokha kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina kudzera pa port 445 (port ndi khomo la nambala lomwe data imadzerapo), popanda wina kudina kanthu. Virus imadikira munthu atsegule fayilo yomwe yabisalamo. Trojan imabwera ikudzionetsa ngati pulogalamu yabwino, inu nomwe n'kuilowetsa ndi manja anu.

Mukatero, chiwembu chilichonse chifunseni funso limodzi: chawononga chiti pa zinthu zitatu zomwe mwachidule amazitcha CIA? Confidentiality ndi yoti osayenera kuona asaone, integrity ndi yoti zinthu zisasinthidwe mobisa, availability ndi yoti zipezeke pomwe zikufunika. Mu Okutobala 2016 botnet ya Mirai, gulu la zipangizo zolamulidwa ndi achiwembu, yopangidwa ndi makamera ndi ma router olandidwa, inakhuthulira data yochuluka kwambiri pa Dyn, kampani ya DNS (ntchito yolozera dzina la tsamba ku adiresi yake), mpaka anthu ambiri ku America analephera kutsegula Twitter ndi Netflix. Palibe chomwe chinabedwa, palibe chomwe chinasinthidwa. Imeneyo ndi DDoS, kupanikiza seva kuchokera ku zipangizo zambiri nthawi imodzi, ndipo yankho ndi availability.

Pomwe ndikufuna muchedwepo ndi pa encryption ndi hashing, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amagwa. Encryption, komwe ndi kutseka uthenga kuti usawerengeke, imabwezeka: muli ndi kiyi, mupeza uthenga woyamba uja. Hashing siibwezeka, ndipo ntchito yake si kubisa koma kutsimikiza kuti chinthu sichinasinthe. Musangondikhulupirira. Tsegulani fayilo, lembanimo dzina lanu, isungeni ngati mayeso.txt. Pa Windows lembani certutil -hashfile mayeso.txt SHA256, pa Linux lembani sha256sum mayeso.txt. Patuluka mzere wa zilembo ndi manambala 64, ndipo imeneyo ndiye hash. Bwererani mu fayilo, onjezani kadontho kamodzi kokha, yesaninso. Mzere wonse usintha, sufanananso ndi woyamba uja. Mukaziona kamodzi ndi maso anu, funso la integrity silidzakuvutaninso. Salt ndi tizilembo tosankhidwa mwachisawawa tomwe amawonjezera pa password asanaipange hash, kuti anthu awiri okhala ndi password yofanana asakhale ndi hash yofanana. Base64 nayo musailowetse m'gulu la chitetezo. Imeneyo ndi encoding chabe, aliyense amaimasula popanda kiyi.

Mkati mwa encryption momwemo muli awiri ena. Symmetric, monga AES yomwe bungwe la boma la America la NIST linaikhazikitsa mu 2001, imatseka ndi kutsegula ndi kiyi imodzi, ndipo ndi yachangu. Asymmetric, monga RSA ya mu 1977, ili ndi makiyi awiri, public ndi private. Taganizani za bokosi la makalata lokhala ndi kabowo: aliyense akhoza kuponyamo kalata, koma wotsegula ndi mwini kiyi yekha. Pofuna kunditumizira chinsinsi mumatseka ndi public key yanga. Posainira zimatembenuka: ndimasaina ndi private key yanga, inu n'kutsimikiza ndi public key yanga, ndipo sindingadzakane kuti si ine. Kumeneko ndiye non-repudiation. Olemba mayeso amakonda kusinthanitsa makiyiwa m'mayankho, choncho funsani nthawi zonse kuti kiyiyo ndi ya ndani, wotumiza kapena wolandira.

Authentication ndi kutsimikiza kuti ndinu ndani, authorization ndi zomwe mwaloledwa kuchita mutalowa kale. Izi n'zosavuta. Chovuta ndi MFA, multi-factor authentication, kutsimikiza munthu ndi njira zoposa imodzi. Password ndi PIN pamodzi si MFA, chifukwa zonse ndi zomwe mumadziwa m'mutu. Pamafunika mitundu yosiyana: chomwe mukudziwa, chomwe muli nacho monga foni, ndi chomwe chili pathupi panu monga chala.

Pa netiweki, IDS (intrusion detection system) imaona chiwembu n'kuchenjeza, pomwe IPS (intrusion prevention system) imakhala panjira penipeni pomwe data ikudutsa ndipo imatha kuitsekereza. Ikakuwa palibe chiwembu, ndi false positive. Ikakhala chete chiwembu chikudutsa, ndi false negative, ndipo yoopsa ndi imeneyi, ngakhale yotopetsa tsiku ndi tsiku ndi yoyambayo.

Manambala a ma port nawonso musawaloweze motsatana kuyambira laling'ono. Agwirizanitseni, wosatetezeka ndi mnzake wotetezeka: Telnet 23 ndi SSH 22, HTTP 80 ndi HTTPS 443, LDAP 389 ndi LDAPS 636. FTP ili pa 21, koma SFTP imayenda pa 22 chifukwa imadutsa mkati mwa SSH. Ikani Wireshark, pulogalamu yaulere yoonetsa data yomwe ikudutsa pa netiweki, tsegulani tsamba la http wamba, muone mawu ake akuwerengeka poyera. Kenako tsegulani la https, muone kuti zomwe zikudutsa sizikuwerengekanso. Pulogalamu ya Nmap ikuonetsani ma port otseguka, koma iyeseni pa kompyuta yanu kapena pa scanme.nmap.org, yomwe eni ake anaiika kuti anthu aziphunzirirapo. Kufufuza netiweki ya eni popanda chilolezo kukhoza kukugwetsani m'mlandu.

Chikalata cha exam objectives, chofotokoza mitu yomwe imabwera m'mayeso, chimapezeka kwaulere kwa CompTIA, ndipo kumapeto kwake kuli mndandanda wautali wa mawu achidule. Chisindikizeni. Pambali pa mawu alionse lembani zinthu ziwiri: mnzake yemwe amasokonezana naye, ndi chiganizo chimodzi chonena pomwe asiyanira. Pomwe cholembera chaima osadziwa cholemba, ikani chizindikiro chofiira, ndipo mawa muyambire pamenepo.