Kusema uta wa mtengo: msana osaukhudza, ntchito yonse ili kumimba

Uta ukakokedwa, mbali yoyang'ana komwe muvi ukupita imatamuka. Umenewo ndi msana. Mbali yoyang'ana kwa inu, mimba, imapanikizika. Mauta ambiri a ophunzira amathyokera kumsana, chifukwa mpeni unadula ulusi wa mtengo pamalo pomwe sumayenera kufika.

Sankhani mtengo wowongoka, wopanda mfundo, wosapotoka, wotalika masentimita 175 mpaka 180 ngati mumakoka nsinga mtunda wa masentimita 70 poponya. Mitengo yodziwika pa ntchitoyi ndi yakunja, yotchedwa yew, elm, ash, hickory ndi osage orange m'Chingerezi. Mauta akalekale omwe anapezeka ku Holmegaard ku Denmark ndi a elm, pomwe omwe anavuulidwa m'sitima yankhondo ya ku England yotchedwa Mary Rose, yomwe inamira mu 1545, ndi a yew. Chipikacho muchiwaze, musachicheke ndi sowo: kuwaza kumatsata ulusi, ndipo ngati mtengo uli wopotoka mudziwiratu pompo. Matani guluu kapena phula kunsonga zonse ziwiri kuti usang'aluke, muusiye pamthunzi podutsa mphepo. Chipika chachikulu chimafuna chaka kapena kuposa. Chosemeratu chimauma msanga. Mtengo wauwisi ukapindidwa subwereranso, uta umangokhala wokhota ndi wofooka.

Pa ash, elm ndi hickory, mukasenda khungwa, thupi lomwe laonekeralo ndiye msana. Mulisiye choncho.

Pakati siyani masentimita 10 a chogwirira. Kuchoka apo uta ukhale masentimita 4 kapena 5 m'lifupi, uzichepa mpaka sentimita imodzi ndi theka kunsonga, komwe mudule timipata tokolekamo nsinga. Yambani ndi kasemasema, kenako tupa, pomaliza muzingopala ndi mpeni.

Apa ndiye pagona luso. Kolekani chingwe chachitali cholendewera, mangani chogwirira pamtengo wokhazikika, kokani pang'ono muli chapatali kuti muone mapindikidwe ake. Pamene sipakupindika palembeni ndi pensulo, mupale pamenepo pokha, kumimba. Pamene pakupindika kwambiri ngati chigongono musapakhudzenso. Palani malo ena onse mpaka afanane napo, apo ayi uta udzathera pomwepo. Mukapala kakhumi, kokani maulendo 20 kapena 30 musanaweruze, pakuti mtengo suonetsa kusintha nthawi yomweyo. Dzanja lisathamange: kunenepa kwa uta, kuchoka kumsana kufika kumimba, kukachepa ndi theka, mphamvu imatsika kasanu ndi katatu, pomwe m'lifupi mukachepa ndi theka imangotsika ndi theka. Ndiye chifukwa chake timipalo tochepa takumimba timasandutsa uta wa munthu wamkulu kukhala choseweretsa ana.

Ikani sikelo yokoka pachingwe. Ngati mukufuna uta wofuna mphamvu ya makilogalamu 18 poukoka, musaukoke kupyola pamenepo ngakhale kamodzi, olo chingwe chitangoyenda masentimita 30 okha. Palani, kokani, onjezerani mtunda pang'onopang'ono. Mbali yakumtunda ndi yakumunsi kwa chogwirira zikayamba kupindika mofanana, kungani nsinga yeniyeni, italikirane ndi chogwirira masentimita pafupifupi 15, mupitirize mpaka muzitha kukoka masentimita 70 aja.

Timing'alu topingasa pamimba ndi chizindikiro choti malowo apanikizika mopyola. Kachipatsu kakatukuka kumsana, lekani kukoka.

Kwechani ndi sandipepa, zungulizani m'mphepete monse, pakani mafuta kapena phula kangapo kuti chinyezi chisalowe. Musaphonyole nsinga popanda muvi, ndipo mukatha kuponya muimasule, uta muugoneke pamalo ouma.