Mmene ndinapezera makina oyenera ojambulira mapulogalamu a kebulo pa DVD

Makina amene ndinagula poyamba anali ndi tuner (kachipangizo kolandirira matchanelo) yawoyawo, choncho ndinkaganiza kuti ndikangolumikiza chingwe cha kebulo, zonse zitheka. Matchanelo ambiri sanaoneke, chifukwa makampani a kebulo amatseka matchanelo a digito kuti azitsegulidwa ndi dikoda yawo yokha.

Nditabweza makinawo, ndinasankha ena poyang'anitsitsa kumbuyo kwake, osati malonjezo a pa katoni. Ndinkafuna malo olowetsera S-Video kapena zingwe zitatu zija, chachikasu, chofiira ndi choyera, popeza polumikizira pa HDMI pa makina otere pamangotumiza zithunzi ku kanema koma sipalandira. Dikoda ndinailumikiza pamalo olowetsera aja.

Chinandithandiza kwambiri ndi kachipangizo kotchedwa IR blaster, kamene kamasintha tchanelo pa dikoda nthawi yojambula ikakwana. Popanda iko, munthu ukaiwala kusintha, umajambula pulogalamu ina.

Ndinasankhanso makina okhala ndi hard disk (chosungira cha m'kati mwa makina), chifukwa chimbale cha 4.7 GB chimangosunga pafupifupi maola 2 pa SP, womwe ndi mulingo wapakati wojambulira. Ndimayamba ndajambulira pa hard disk n'kudula zotsatsa malonda, kenako n'kusamutsira pa chimbale. Zithunzi za HD (zooneka bwino kwambiri) zimatsika ubwino pa DVD, koma zimenezo ndinazivomereza.